Chiphaso cha a Terence Anakachifunsa ku Bembeke

Edwina Mapemba sagula tomato asanamutembenuze kuti aone kunsi kwake. Ndayenda naye m'masitolo a mu Bradford muno kwa zaka zambiri ndipo amanditopetsa. Paketi ya nkhuku amaiyang'ana tsiku lake kawiri, chenji amawerengera pamaso pa wogulitsa, ndipo akapeza dzira limodzi losweka amabwerera nalo ngakhale mvula ikugwa. Ndiye anthu akamandifunsa kuti zinatheka bwanji mayi wochenjera chotere kupereka ndalama zake zonse za nyumba kwa munthu wopanda chiphaso, ine ndimapsa mtima. Mnzangayu anafufuza ndithu, ndipo anavutika nako kufufuzako kuposa mmene ambiri a ife tikanachitira. Vuto linali kumene anakafufuzako.

Ine ndine Patuma, kwathu ndi ku Ntaja. Ndimagwira ntchito ndi Edwina pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Great Horton. Timasambitsa agogo a eni ake, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi, ndipo misana yathu inatha kalekale. Tinasiya kuitanana kuti inu chaka choyamba chomwe, chifukwa anthu amene asinthira limodzi thewera la nkhalamba sangamalemekezanenso ngati alendo.

Edwina anabadwira ku Lizulu, kumene mayi ake ankagulitsa kabichi ndi mbatatesi m'mbali mwa msewu. Anali mphunzitsi wa pulaimale asanabwere kuno. Anabwera motsatira mwamuna wake, Sosten, amene anadzaphunzira za kawerengedwe ka chuma ku Leeds. Sosten sukuluyo anamaliza bwino, koma ntchito ya mu ofesi inamukana, ndipo anathera pa chiwongolero cha basi. Sankadandaula. Anali munthu woseka, wokonda kukonzakonza zinthu zimene sizinawonongeke. Mwana wawo ndi mmodzi, Khumbo, wobadwira konkuno, amene Chichewa amamva chonse koma kuyankha amayankha m'Chingerezi.

Nyumba imene ankachita lendi inali ku Lidget Green, imodzi mwa nyumba zogundizana zija za miyala yakuda ndi utsi wakalekale. Zipinda zogona ziwiri, masitepe opapatiza, ndi kabwalo kuseri kosakwana kuyanika mabulangete atatu. Sosten anaikapo ndowa zakale pa kabwaloko, nadzazamo dothi, ndipo chilimwe chilichonse ankabzala mpiru ndi chibwabwa. Atamwalira, mtima utaima mwadzidzidzi ali kuntchito m'nyengo yozizira, ndalama zotumizira thupi kumudzi sizinakwane. Anaikidwa kumanda a ku Scholemoor, amene kuchokera panyumbapo munthu amayenda wapansi. Lamulungu lililonse Edwina akachoka kutchalitchi ankadzera kumeneko, kukazula udzu ndi kumuuza mwamuna wake za sabata yonse.

Pano ndiyenera kuwatchula a Terence Kachiwanda. Kuno kunja ankhoswe enieni ali kutali, ndiye banja lililonse limapeza mkulu wina wa konkuno woti aziimirira. A Terence anali ankhoswe a banja la Sosten ndi Edwina, komanso mkulu wa mpingo wawo umene umapemphera mu holo ya lendi masana a Lamulungu. Ndi bambo wa thupi, wa mawu ofatsa, wovala jekete ngakhale kotentha. Pamaliro a Sosten anathamangathamanga kuposa m'bale. Anasonkhetsa chipepeso, anakambirana ndi a kumanda, ananyamula bokosi paphewa, ndipo kumanda analankhula mawu amene anatiliza tonse, ngakhale ine amene sindine wa mpingo wawo. Zimenezi ndikunena chifukwa zinachitikadi, ndipo sindikufuna wina aziti ndikuwadetsa chabe.

Chaka chatha, Khirisimasi itayandikira, alandilodi anabwera kudzagogoda. Anali mkulu wina wochokera ku Pakistani, wofatsa, amene lendi sanakwezepo kuyambira pamene Sosten anamwalira. Anati wakalamba, maondo akukana, ndipo akufuna kugulitsa nyumbayo. Asanauze wina aliyense anafuna kuti Edwina aigule ngati angathe. Anamupatsa mpaka kumapeto kwa Meyi.

Edwina anali nazo ndalama za dipoziti, zija munthu amayamba wapereka yekha banki isanamubwereke zotsalazo. Anazisonkhanitsa movutika. Ife amayi angapo a ku Malawi tili ndi chipereganyu chathu. Mwezi uliwonse aliyense amasonkha, ndipo mmodzi amatenga zonse, kenako wina, mpaka tonse titakwana. Ena akalandira amagula sofa, ena amapita kumudzi kukaonetsa masutikesi. Edwina gawo lake sankalikhudza. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankangolipititsa kubanki, n'kuwonjezerapo za mashifiti a Loweruka ndi a Khirisimasi amene enafe tinkawathawa. Jekete lake la chisanu ndi lomwelo chidziwireni ine.

Koma atapita kubanki kukafunsa za ngongole ya nyumba, anabwerako maso ali ofiira. Mtsikana wa kumeneko anaona ndalama zikuluzikulu zolowa pamanja kamodzi pachaka, ndipo anafunsa kumene zimachokera. Edwina anafotokoza za chipereganyu. Mtsikanayo anafuna mapepala ake. Chipereganyu chili ndi mapepala kuyambira liti? Ife timangodziwana nkhope, ndipo wozemba timakamupeza kunyumba kwake. Mtsikanayo sanakane, anangoti pafunika umboni wina ndi wina, koma Edwina anamva ngati akumuyesa wakuba ndipo sanabwererenso.

Lamulungu lotsatira anawadandaulira a Terence. Tonse tinkadziwa kuti iwo amathandiza anthu kupeza ngongole za nyumba. Anali ndi kaofesi pamwamba pa shopu yometera ku Harehills, mu Leeds, ndi timakadi tosindikizidwa bwino tokhala ndi dzina la kampani ndi nambala pansi pake. Anamuseka mwachifundo, namuuza kuti azungu a kubanki za chipereganyu sangazimve ngakhale utawafotokozera chaka chonse. Njira yake, anatero, ndi yoti ndalamazo zikhale mu akaunti ya kampani yawo kwa miyezi itatu, kuti zikamatuluka zikhale ndi mapepala oyera, ndipo za ngongole asiyire iwo. Mu Januwale Edwina anatumiza zonse, osasiyako ngakhale ya basi.

Anandiuza zimenezi tili m'basi, tikuchokera kuntchito, nkhope ili mwee. Ine nyumba sindinagulepo, ndimakhala ya khonsolo. Koma mchimwene wanga wa ku Hull anagula, ndipo pa nthawiyo anandiuza zinthu ziwiri zimene zinandikhala m'mutu. Choyamba, dipoziti imapita kwa loya amene akuyendetsa zogula nyumbayo, osati kwa munthu wokupezera ngongole. Chachiwiri, aliyense wochita ntchito imeneyi ayenera kukhala wololedwa ndi bungwe loyang'anira za ndalama, lija amalitcha FCA, ndipo bungwelo lili ndi kaundula pa intaneti amene munthu aliyense atha kuyang'anamo pa foni yake, mwaulere.

"Tiye tingolemba dzina lawo pompano," ndinatero ndikutulutsa foni. "Basi isanafike pa siteji yako tikhala titadziwa."

Edwina anandigwira dzanja. "Bweza foniyo, Patuma."

"Chavuta n'chiyani? Safunsa anadya phula."

"Ndiwafufuze ankhoswe pa foni ngati munthu wakuba? Anthu amene ananyamula bambo a Khumbo paphewa?"

"Iwowo sadzadziwa."

"Ndidzadziwa ine," anayankha. "Ndiye Lamulungu ndikawapatsa bwanji moni? Iwe suwadziwa anthuwa. Si a mpingo wako."

Mawu omalizawo anandipweteka, ndipo iye anadziwa kuti andipweteka. Ndinabweza foni m'chikwama. Ndikanatha kuyang'ana ndekha kunyumba, koma dzina la kampaniyo sindinkalidziwa, ndipo ndinkaganiza kuti popanda dzinalo palibe chimene ndingapeze. Komanso ndalama zinali zitapita kale. Ndinkangomukumbutsa apo ndi apo, iye n'kumasintha nkhani.

Febuluwale anadutsa, Malichi anadutsa. Kalata yochokera kubanki yonena kuti ngongole yavomerezedwa sinabwere. Akawafunsa a Terence, ankamusisita ndi mawu. Tsiku lina akuti abanki akuchedwa ndi anthu ambiri, tsiku lina akuti amene amagwira fayilo yake ali pa holide. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," ankamuuza chotero, ndipo iye ankabwera kudzandibwerezera mwambiwo ngati ndi lisiti. Koma ndinkaona kuti mnzanga sakugona. Anayamba kuiwala magolovesi, kuthira shuga kawiri mu tiyi wa agogo a matenda a shuga, ndipo tsiku lina ndinamupeza m'chipinda chochapira ataima, makina atasiya kale kuzungulira.

Mu Epulo mtima unamukana, ndipo anaganiza zofufuza. Koma anafufuza monga mmene amafufuzira kwawo mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta. Kwawoko sayang'ana mapepala a munthu. Amatuma wamkulu kuti apite kumudzi kwa munthuyo, akaone makolo ake, akamve mbiri ya mtundu wake, ngati kuli akuba, ngati kuli omenya akazi. A Terence kwawo ndi ku Bembeke, ku Dedza, ndipo kuchokera ku Lizulu si patali. Edwina anawaimbira amalume ake, a Yohane, mkulu wopuma pa ntchito ya zaulimi, nawatumizira ndalama ya minibasi ndi ya kabaza. Sanawauze za nyumba kapena za ndalama. Anangoti pali munthu amene akufuna kuchita naye bizinesi.

A Yohane ntchitoyo anaigwira ndi mtima wonse. Anavala jekete, anapita, anakhalako tsiku lathunthu. Uthenga wawo wa mawu unafika pa foni tili pa nthawi yopuma, ndipo Edwina anandikokera kukhitchini kuti ndimve nawo.

"Mphwanga, ndapita ndipo ndaona ndi maso angawa," anatero mawu a mkuluyo, mphepo ikuwomba pa foni. "Banja lija ndi labwino. Bambo awo anali mphunzitsi wa katekisimu, anthu onse amawadziwa. Ndafunsa kutchalitchi, ndafunsa pa golosale, ndafunsa ndi amayi a pamjigo omwe. Kulibe wakuba, kulibe amene anamangidwapo. Mayi awo alipo, andiphera nkhuku. Ndipo mwana wawoyo ndi munthu wa nzeru, akumanga nyumba si yamasewera. Akuti maziko anakhala zaka atamera udzu, koma chiyambire Febuluwale ntchito ikuthamanga. Njerwa zafika pa mawindo, ndipo malata agula kale, obiriwira aja a makono, ndawaona atawaunjika m'chipinda. Usaope, mphwanga. Munthu womanga kwawo sathawa."

Edwina anandiyang'ana ngati wawina mlandu. Misozi inali m'maso, koma ya mpumulo.

"Wamva?" anatero.

"Ndamva kuti amalume adya nkhuku," ndinayankha. "Koma kodi chiphaso cha ku England amachisunga ku Bembeke? Amayi a pamjigo akuuza nambala yake?"

Anandisiya ndili chiimire m'khitchinimo, ndipo sabata imeneyo sanakhale nane mpando umodzi m'basi. Ine ndinakwiya, koma pansi pa mkwiyowo ndinali ndi mantha, chifukwa ndinkadziwa mmene ndalama zija zinapezekera. Mashifiti ambiri mwa amenewo tinagwira limodzi.

Meyi atafika pakati, alandilodi anabweranso. Anapepesa kwambiri, koma anati ana ake apeza munthu wina wofuna kugula, wa ndalama zake m'manja, ndipo iye sangawaletse mpaka kalekale. Anafuna kuona kanthu kogwirika, ngakhale kalata imodzi. Madzi anafika m'khosi. A Terence foni ankayankha mwa apo ndi apo. Edwina anaganiza zopita yekha kwa loya wina m'tauni kuti mwina ayambe mbali yake ya ntchito, ndipo anandipempha kuti ndimuperekeze. Sanapepese za kukhitchini zija, ndipo ine sindinazikumbutse.

Loyayo anali mayi wachizungu wa tsitsi la imvi. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Atamva kumene dipoziti ili, anaika cholembera pansi pang'onopang'ono, ndipo anafunsa ngati Edwina anayang'anapo dzina la mlangizi wakeyo mu kaundula uja. Edwina anati ayi. Mayiyo anati ayang'ane tsiku lomwelo, asanachite china chilichonse, ndipo anadzipereka kuti ayang'ane limodzi pa kompyuta yake. Edwina anakana mwaulemu. Ngakhale pamenepo sanafune kuti mzungu aone ankhoswe ake akuvulidwa.

Tinakakhala pa benchi ya pa siteji ya basi, kamvula kakuwaza. Anatulutsa kakadi ka a Terence m'chikwama, kali m'kapulasitiki kuti kasade. Anandipatsa foni, kenako anailandanso.

"Ndilembe ndekha," anatero.

Analakwitsa zilembo kangapo. Analemba dzina la munthuyo, ndipo silinapezeke. Analemba dzina la kampani, silinapezekenso. Anati mwina ndi netiweki. Ndinamuuza kuti alembe nambala ija ya pansi pa kadi. Nambalayo inapezeka, ndipo kwa kamphindi nkhope yake inawala. Koma dzina limene linatuluka linali la kampani ina, ya mumzinda wina wakutali kum'mwera, yopanda chochita ndi a Terence kapena ndi Harehills. Anangotenga nambala ya eni ake n'kuisindikiza pa kadi yawo. Ntchito yonseyi sinatenge nthawi yoti n'kuwiritsa madzi a tiyi.

Tinaimba foni ku bungwe lija. Amene anayankha analankhula mofatsa, koma zimene ananena sizinali zofatsa. Anati munthuyo ndi wosaloledwa kugwira ntchito imeneyi, ndipo chifukwa cha chimenecho njira zimene zimathandiza anthu kubwezeredwa ndalama mlangizi wovomerezeka akalakwitsa mwina sizingamuthandize. Anamuuza kuti adziwitse banki yake ndi apolisi mwamsanga. Edwina anathokoza n'kutseka foni. Mabasi athu anabwera n'kupita.

"Mwina anangochedwa kulembetsa," anatero kenako, mawu ali pansipansi.

"Edwina."

"Ndikudziwa," anayankha. "Ndikudziwa, Patuma. Koma ndikapanda kuganiza choncho ndigwa pompano."

Tinakwera basi ya ku Leeds masana omwewo. Njira yonse anali atagwira chikwama pachifuwa. Ine ndinkakonza mawu m'mutu, mawu oti munthu akawamva asadyenso tsiku limenelo. Tinakwera masitepe a pambali pa shopu yometera ija, ndipo a Terence tinawapeza alimo, atavala jekete lawo, akudya masangweji pa tebulo. Ndinkayembekeza kuti Edwina alowa ndi ukali. Koma atangofika pakhomo anagwada pa kapeti yakuda ija, manja pamodzi, monga amachitira polankhula ndi ankhoswe. Mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu, maondo otupa ndi ntchito, kugwada kuti apemphe ndalama zake zomwe. Ndinamva manyazi ndi ukali nthawi imodzi, ndipo ine ndinakhalabe chiimire.

"Ankhoswe, pepani tabwera osakudziwitsani," anatero. "Alandilodi akufuna kugulitsa kwa wina. Ndimati mundibwezere dipoziti ija ndikapereke kwa loya."

"Aa, mayi, dzukani, khalani pampando," anatero a Terence akupukuta pakamwa. "Everything is under control. Ndalama ija ili pa investment pang'ono, singatuluke lero ndi lero. Tipatseni milungu ingapo."

"Dzina lanu mulibe mu kaundula," ndinatero ine. "Ndipo nambala ili pa kadi yanuyi ndi ya eni ake."

Sanandiyang'ane n'komwe. Anayang'ana Edwina, nkhope itagwa ngati munthu wolakwiridwa.

"Mwandifufuza, mayi a Khumbo? Ine? Pamene amuna anu anagona mu mochale, ndani anathamanga? Ndani ananyamula bokosi? Lero mukunditengera anthu akunja kuti adzandiwerengere manambala mu ofesi mwanga?"

Ndinaona mnzanga akufota. Mutu unawerama, ndipo ndinkaopa kuti apepesa. Ankangoyang'ana kapeti. Kenako ndinaona milomo yake ikuyenda ngati mmene amachitira powerenga chenji. Anadzutsa mutu, akadali chigwadire.

"Ndinatumiza ndalama mu Januwale," anatero pang'onopang'ono. "Ku Bembeke ntchito inayamba mu Febuluwale. Ankhoswe, malata obiriwira aja ndi anga?"

Dzanja la a Terence linafuna kapu ya tiyi n'kuiphonya.

"Wakuuzani za malata ndani?" anafunsa.

Yankho lina sitinalifunenso. Edwina anagwira mwendo wa tebulo kuti adzuke, ndipo ine ndinamugwira mkono. Iwo anayamba kulankhula zambiri tili pamasitepe, kuti anangobwereka, kuti mayi awo akalamba ndipo nyumba yakale ikudontha, kuti adzabweza munthu wina akangopereka yake. Mawu omalizawo anandiuza kuti Edwina sanali woyamba, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti analipo enanso awiri a mumpingo momwemo amene ankangodikira mwaulemu ngati iye.

Kupolisi Edwina anapita tsiku lotsatira. Kunena zoona ndinachita kumukoka, chifukwa usiku wonse akuluakulu a mpingo ankamuimbira kuti nkhani ya pa abale sapita nayo kwa azungu, akhale pansi akambirane. Ena mwa amayi a chipereganyu chathu anasiya kumupatsa moni, ati wachititsa manyazi Amalawi. Apolisi analemba zonse ndipo nkhaniyo ikuyendabe, mwa kayendedwe kawo. Abanki anati afufuza, koma anamuuziratu kuti ndalamazo zinachoka kalekale mu akaunti imene zinapitamo. Mpaka pano palibe ngakhale paundi imodzi imene yabwerera. A Terence anasiya kubwera kutchalitchi, ndipo kaofesi kaja tsopano ndi ka munthu wokonza mafoni.

Edwina sanagonje msanga. Anabwerera kubanki kuja, nthawi ino ndi kalata imene tonse a chipereganyu otsala tinasainira, ndipo mtsikana yemwe uja anati umboni wotere ukanathandiza. Koma dipoziti panalibe. Anayenda kwa aliyense amene ankamudziwa. Anapempha mashifiti ena mpaka abwana anamukaniza, ati malamulo salola. Anafunsa za ngongole za katapira zija za pa intaneti, ndipo ndinamulanda foni. Anafika poganiza zogulitsa mphete ya ukwati, koma wa shopu anamuuza mtengo woti sungalipire ngakhale loya. Khumbo anafuna kusiya koleji kuti akalowe ntchito mu nyumba yosungira katundu, ndipo tsiku limenelo ndi lokhalo limene ndinamva Edwina akukalipa mpaka anthu a nyumba yoyandikana anagogoda khoma.

Alandilodi anadikira mwezi wina wathunthu, ana ake akumukalipira. Pomaliza anagulitsa. Anabwera yekha kudzanena, atanyamula bokosi la mango a kwawo, ndipo anaima pakhomo osatha kuyang'ana Edwina kumaso.

Nyumba imene Edwina anapeza ili ku Holme Wood, mbali ina ya mzinda, pamwamba, ya chipinda chogona chimodzi. Khumbo amagona pa sofa. Kabwalo kulibe, ndiye ndowa za Sosten zinatsala. Kuti akafike kumanda tsopano amakwera mabasi awiri, ndipo Lamulungu mabasi ndi osowa. Amapitabe, koma anandiuza kuti za nyumbayo sanamuuzebe mwamuna wake. Amangozula udzu n'kubwerera.

Tsiku losamuka ndinapita kukathandiza. Linali Loweruka masana, dzuwa likuwala bwino ngati kuti palibe chimene chalakwika. Tinali titatsitsa mabedi, ndipo tinakhala pa makatoni m'chipinda chochezera kudikira galimoto. Foni ya Edwina inalira. Anali amalume ake, a Yohane. Iwo sankadziwa kanthu, chifukwa Edwina analibe mtima wowauza kuti ulendo wawo wa jekete uja unathera pati. Manja ake anali ndi fumbi, ndiye anatsegula sipika n'kuika foniyo pa katoni.

"Mphwanga, ndimati ndikuuze nkhani yabwino," anatero mkuluyo mosangalala. "Dzulo ndinali ku Dedza kumaliro, ndiye pobwerera ndinadzera kwa anzako aja. Nyumba ija yatha. Akhoma malata, aika mawindo a magalasi, apaka ndi penti yemwe. Anthu akuchita kuima pamsewu kuiyang'ana. Munthu ameneyu umugwiritse, ali ndi mutu."

Ndinatambasula dzanja kuti nditseke foniyo, koma Edwina anandiletsa. Anayang'ana makoma opanda kanthu, pamene panali zithunzi patatsala mabanga oyera.

"Zikomo, amalume," anatero. "Kodi ili ndi zipinda zogona zingati?"

"Zinayi, mphwanga. Zikuluzikulu."

Edwina anagwedeza mutu, ngakhale amalumewo sankamuona.

"Ine ndinkangofuna ziwiri," anatero.

A Yohane anafunsa kuti wati chiyani, netiweki ikuvuta. Panja galimoto inaliza hutala, ndipo Edwina anadzuka n'kunyamula katoni ya mbale.